Aneni Amakani pa Mlatho wa Kwakhuta

Ufumu wa Tionekere unali ndi mtsinje umodzi, mlatho umodzi ndi mfumu imodzi. Pa zitatuzi, chimene chinkagwira ntchito tsiku lililonse ndi mtsinje. Tsidya lina kunali Kwakhuta, likulu la dziko, kumene kunali nyumba ya mfumu, msika, chigayo ndi chipatala. Tsidya linalo kunali Dikirani, kumene kunali anthu.

Chaka china Mfumu Salakwa Wachitatu inapita kunja kumsonkhano wa mafumu anzake. Zimene anakakambirana kumeneko palibe akuzidziwa, chifukwa ankakamba m'Chizungu, ndipo mfumu ya ku Tionekere inkangogwedeza mutu n'kumawomba m'manja ena akawomba. Itabwerako sinavule n'komwe nsapato. Inaitanitsa nduna zonse.

"Kumene ndachokeraku," inatero mfumu, "kamwana kosadziwa n'kumina komwe kakuyankhula Chizungu. Mayi wina ndinamumva akukalipira galu m'Chizungu, galuyo n'kumva, n'kukhala pansi. Ndiye mukudabwa kuti anzathu ali ndi phula mpaka pakhomo?"

Nduna zinati poyamba zinkadabwa, koma tsopano zasiya.

Anaimirira a Kamlomo, Nduna ya Maphunziro, munthu amene anakhalapo kunja n'kubwerako ndi chikhoti chimene sankavula ngakhale dzuwa likung'amba nthaka.

"Wamkulukulu, Chizungu si chovuta. Mawu ake ambiri ndi ofatsa. Tengani aneni, ndiye kuti mawu onena zimene munthu akuchita. Ambiri amatsata lamulo limodzi. Mukafuna kunena za dzulo, mumangomangirira kamchira kumapeto, basi mwatha. Koma alipo ena amakani. Amenewo lamulo salitsata. Kupita, lero amati go, dzulo amati wenti, zikatheratu amati goni. Kudya ndi iti, eti, iteni. Aliyense ali ndi njira yakeyake."

"Mwati satsata lamulo?"

"Satsata, Wamkulukulu."

"Amangeni."

Mkulu wa asilikali anali atayamba kale kufunafuna chipewa chake. A Kamlomo anatsokomola.

"Wamkulukulu, ndi mawu chabe. Samangika."

"Nanga eni akewo amatani nawo?"

"Amangowaloweza pamtima."



"Chimene sitingachimange," inatero mfumu pomaliza, "tichiloweze."

Onse anawomba m'manja mpaka nkhunda zinathawa padenga. Nduna ya Zaumoyo, mayi wina wosadziwa nthawi yoyankhulira, anakweza dzanja n'kunena kuti kuchipatala kwatha magolovesi ndi thonje. Mfumu inamufunsa kuti thonje m'Chizungu amati chiyani. Mayiyo anati waiwala. Mfumu inati akadzakumbukira adzabwere nayo nkhaniyo.

Lamulo linatuluka sabata yomweyo, pa lole yokhala ndi chimkuzamawu. Aliyense wowoloka mlatho kulowa mu Kwakhuta ayambe wayankha mneni mmodzi wamakani. Msilikali atchule liwu loyamba, munthu amalize awiri otsalawo. Wolephera abwerere kwawo akaloweze. Ochokera ku Kwakhuta sankafunsidwa kanthu, poti munthu wokhuta sumuyesa mayeso. Apagalimoto nawonso sankafunsidwa, chifukwa magalasi amakhala otseka.

Amuna a ku Dikirani anapita m'mawa woyamba atavala majekete. Anabwerako dzuwa lisanatenthe. Anakhala pansi pa mtengo, natulutsa bawo, nagwirizana kuti zinenero ndi mphatso imene Mulungu anapatsa akazi. Nkhani yawo inathera pomwepo. Koma chimanga sichigayika ndi bawo.

Nalinde anali mkulu wa amayi ophika pamaliro ku Dikirani, mayi wamasiye, wosakonda kubwereza mawu. Iye za chigayo sizinkamuvuta kwenikweni, mtondo ulipo. Chimene chinkamusowetsa mtendere ndi Elube, mwana wake wamkazi, amene anali ndi mimba yoyamba. Ulendo womaliza kusikelo, anamwino anamuuza mosabisa kuti mwanayo watsogoza miyendo, tsiku likafika asadzayerekeze kuberekera kunyumba. Chipatala chinali tsidya lija. Pakati panali mlatho, ndipo pamlathopo panali Sajeni Mkwapatira ndi chikatoni cholembedwa mawu a Chizungu.

Amayi anasonkhana kusukulu, kumene aphunzitsi a Malikebu analemba aneniwo pabolodi mpaka bolodi linatha, n'kupitiriza pakhoma. Nalinde anayang'ana kuchokera kudenga mpaka pansi.

"Aphunzitsi, zonsezi zilowe m'mutu umodzi? Mutu womwewu wosenzera madzi?"

"Ndi mmene lanenera lamulo, mayi."

"Lamulo silinasenzepo ndowa. Amayi, tamverani. Pamaliro alipo amene amaphika yekha? Wina nkhuni, wina madzi, wina ndiwo. Tigawane. Aliyense atenge wake mmodzi, amusunge ngati mwana. Tsiku lowoloka tizipita tonse."

Aphunzitsi anati zimenezo si maphunziro. Nalinde anati nawonso aphunzitsiwo ufa wawo umagayidwa tsidya lija. Aphunzitsi anatola ndodo n'kuyamba kuwerenga.

"Teki, tuku, tekeni. Kutenga."

"Ameneyo asiyireni a ku Kwakhuta, ndi wakwawo," wina anatero kumbuyo.

"Givi, gevi, giveni. Kupatsa."

"Akadali moyo ameneyo?"

"Silipu, silepiti, silepiti. Kugona."

Mayi wina wa mapasa anakweza dzanja. "Ndipatseni ine. Ndizingomutchula ndi pakamwa, poti m'maso anasiya kubwera."

"Biringi, buroti, buroti. Kubweretsa. Apa samalani. Polemba pali zilembo ziwiri pakati zimene sizitchulidwa. Zimangokhalapo, ntchito sizigwira."

"Ngati nduna," anatero Nalinde, osaseka.

Aphunzitsi anasuzumira pawindo kuona ngati kunja kuli munthu, kenaka anapitiriza. Posakhalitsa anafika pa mneni amene anautsa mapiri pachigwa.

"Puti, puti, puti. Kuika. Ameneyu sasintha. Lero puti, dzulo puti, zitatha kale puti."

Manja onse anakwera. Loyamba kukwera linali la Nakwenda, ndipo aliyense analiona. Nakwendayu anali woyandikana nyumba ndi Nalinde. Anakulira limodzi, anavinidwa limodzi, ankapalana moto ndi kubwerekana sefa osagogoda. Koma wogawa anali Nalinde, ndipo wogawa nyama sadzimana chiwindi.

"Ameneyo ndatenga ine. Ndili ndi wodwala kunyumba, mutu wanga ndi wodzaza kale."

Pamene ankafika pa Nakwenda n'kuti patatsala mneni mmodzi, pansi penipeni pa khoma, pamene aphunzitsi analemba atagwada.

"Fulizi, fulozi, fulozeni."

"Ndiye kuti chiyani?"

"Madzi akazizira kwambiri mpaka kuuma gwa ngati mwala."

"Madzi ake ati? Akunokuno?" Ku Dikirani kunkatentha moti nkhuku zinkayenda kukamwa kuli yasa. "Mawu amenewa ine ndikawagwiritsa ntchito pati, aphunzitsi?"

"Pamlatho, mayi."

Nakwenda anamanga chitenje chake bwinobwino, natembenukira kwa mnzake, amene kuyambira ali ana ankangomutchula kuti iwe.

"Zikomo kwambiri, mayi a Elube. Mwagawa bwino. Tidzaonana pamlatho."

Kuyambira tsiku limenelo moto ankakapala kwina.

Njira ya amayi ija inagwira. Ku Tionekere mkazi akamayankhula ndi munthu wa boma amagwada, nkhope n'kuzolikira pansi. Ndiye ankafika pamlatho gulu lonse, n'kugwada mothithikana ngati mbatata m'dengu, mitu pansi. Sajeni ankaloza mmodzi ndi ndodo yake.

"Inu a dengu la tomato. Sipiki."

"Sipoku, sipokeni!" liwu linkatuluka penapake mumuluwo.

"Wayankha ndani?"

"Ndi iwowo, bwana," ankatero onse pamodzi.

"Nanga bwanji mawu achokera kumanzere iwo ali kumanja?"

"Ndi mphepo ya pamtsinje, bwana."

Mayi wa tomato ankadzuka n'kuwoloka. Sajeni ankaloza wina, mphepo n'kuyankhanso. Nakwenda naye ankawoloka choncho, pa mawu a anzake. Ankagwada kumapeto, milomo atatseka. Fulizi anali asanafunsidwepo.

Kumsika aneni aja anapeza ntchito imene a Kamlomo sanaiganizire. Ukafunsa shuga m'golosale, mwini wake ankangoti, "Goni." Ukafunsa kuti watha liti, ankati, "Wenti kalekale." Ogulitsa nyama ankaitanira malonda ndi kati, kati, kati, mneni wa kudula, mpeni uli m'mwamba, ndipo kwa nthawi yoyamba anthu anavomereza kuti Chizungu chimanena zooneka ndi maso. Amayi anayamba kudziwika ndi aneni awo, moti mayi wa mapasa uja dzina lake lenileni linaiwalika, anangokhala a Silepiti. Bambo wina wogulitsa makala anafunsidwa ndi a wailesi ya mfumu ngati moyo wasintha chibwerere Chizungu.

"Wasintha kwambiri," anatero. "Kale ndinkagona ndi njala osadziwa kuti kudya kuli ndi maina atatu."

A wailesi anaulutsa mbali yoyamba yokha.

Sajeni Mkwapatira sanali chitsiru. Anapita kwa a Kamlomo kukadandaula kuti mayankho akuchokera pamulu, osati pakamwa pa wofunsidwa.

"Akugwada?" anafunsa a Kamlomo.

"Akugwada, bwana."

"Akuyankha?"

"Mayankho akumveka, bwana."

"Ndiye iwe ukudana ndi chiyani, chikhalidwe kapena maphunziro?"

Sajeni anabwerera kumlatho. A Kamlomo anakauza mfumu kuti amayi onse a ku Dikirani akuyankhula Chizungu ngati anabadwa nacho. Mfumu inakondwa, n'kuwatumizira mphatso imene inkatumiza nthawi zonse, kaya kwagwa njala, kaya kwasefukira madzi: chitenje chokhala ndi nkhope yake, mayi aliyense chake.

Apa pafunika kudziwa lamulo lina lakale la dzikolo. Msilikali akaona nkhope ya mfumu itakwezedwa, kaya pachithunzi kaya pansalu, ankayenera kuima njo, dzanja pachipumi, mpaka nkhopeyo itadutsa. Woigwira kapena kuiimitsa ankapita kundende. Za zitenje zovala m'chiuno, nduna zinali zitakambirana kale n'kugamula kuti nkhope imene munthu amaikhalira siili pa ntchito.

Matenda a Elube anayamba m'mawa, anthu akusesa pabwalo. Nalinde sanalire, sanathamange. Anamanga nsalu ndi beseni, natumiza uthenga khomo ndi khomo monga amachitira pamaliro. Khomo la Nakwenda analidumpha. Koma atafika kumsewu anamupeza ali kale kumapeto kwa mzere, dengu la chimanga lili pamutu, akuyang'ana kumbali.

"Ine ndikupita kuchigayo," Nakwenda anauza mtengo wa m'mbali mwa msewu.

Elube anamukweza panjinga, mwamuna wake Yotamu akukankha, amayi awiri atamugwira uku ndi uku. Ankati akayenda pang'ono, Elube n'kuluma mlomo, njinga n'kuima. Pofika pamlatho thukuta linali litanyowetsa bulauzi yonse.

Amayi anagwada. Elube kugwada sakanatha, anangowerama pachiwongolero cha njinga. Tsiku limenelo Sajeni anali atatopa ndi mawu omweomwewo, ndiye anaganiza zoyambira pansi pa chikatoni. Analoza Elube.

"Fulizi."

Mtsinje unkamveka bwinobwino pansi pa mlatho.

"Ndati fulizi."

"Puti, puti," anayesa Nalinde.

"Mayi, ndikumva. Puti ndi lina."

"Bwana, mwanayu nthawi yake yakwana. Anamwino anati asachedwe. Funsani lina."

"Ndikafunsa lina ndiye kuti lamulo labwerera m'mbuyo. Lamulo silibwerera m'mbuyo."

"Mimbanso siibwerera m'mbuyo, bwana."

"Za mimba sizinalembedwe apa." Sajeni anatembenuza chikatoni kuti aonetsetse, koma kumbuyo kwake kunali chithunzi cha sopo. Anatsitsa mawu. "Mayi, nanenso ndili ndi ana. Ndikamudutsitsa osayankha, mawa ndine wogulitsa makala. Mphepo yanu ija ili kuti lero? Iyankhe, ine ndimva."

Elube anabuula, ndipo sikunali kubuula kwa munthu amene angadikire mphepo. Nalinde anayenda ndi maondo, kudutsa pakati pa anzake, mpaka kumapeto kwa mulu.

"Anakwenda."

"Mwandidziwa lero?"

"Ndagwira mwendo wanu. Ndinalakwa. Puti mutenge, kuyambira lero ndi wanu."

"Ndikamuike pati?"

"Zokangana tikakangana kunyumba, mukanditukwane mpaka mutatopa. Pano yankhani. Mwanayu munamubereka kumsana inu nomwe."

Nakwenda anayang'ana matabwa a mlatho.

"Sindikuwadziwa."

"Mwati chiyani?"

"Sindinaloweze. Munthu ungaloweze chinthu uli wokwiya? Ndimangodziwa loyambalo, lomwe wanena kale mwini wakeyo."

"Miyezi yonseyi?"

"Nanga anafunsapo?"

Nalinde anatembenukira kwa amayi ena aja. Anafunsa monong'ona ngati alipo wina amene anamvako pakhoma paja. Aliyense anali ndi wake yekha, monga anagwirizanirana. Wina anati athamangire aphunzitsi. Sukulu inali kutali, ndipo nthawi yomweyo mmodzi wa amayi ogwira Elube anakuwa.

"Nsupa yasweka!"

Nakwenda anatula dengu lake osaona pamene likugwera. Anaimirira asanaloledwe, chinthu chimene mkazi sanachitepo pamaso pa Sajeni, namasula chitenje chapamwamba.

"Iwe Nalinde, dzuka, ukugwadira chiyani? Gwira uku. Amayi, zitenje m'mwamba! Amuna nonse chokani, pano pasanduka chikuta!"

Ku Tionekere chikuta, malo amene mkazi akuberekera, mwamuna sayandikira. Amati woona zam'menemo maso ake amachita ng'ala, ndipo palibe mwamuna anafunapo kuyesa ngati n'zoona. Yotamu anasiya njinga n'kuliyatsa liwiro la kumudzi, osacheuka. Amuna awiri amene ankawedza pansi pa mlatho anasiya mbedza. Amayi anazungulira Elube, aliyense atakweza chitenje chake pamwamba pa mutu, nsonga atagwirana ndi mnzake, mpaka panakhala mpanda wopanda mpata. Ndipo poti zitenje zabwino zinatha kalekale ku Dikirani, zonse zinali zamphatso zija. Kulikonse kumene ungayang'ane kunali Mfumu Salakwa Wachitatu, ikumwetulira.

Sajeni anapezeka pakati pa malamulo awiri. La makolo linkati thawa. La boma linkati ima njo. Anachita zonse ziwiri mmene akanathera: anaima njo, dzanja pachipumi, maso atatsinzina. Msilikali mnzake anachita chimodzimodzi, koma diso limodzi linamukanika.

M'kati mwa mpanda Nakwenda anagwira chiwongolero, Nalinde anagwira mwana wake m'chiuno.

"Tiyeni," ananong'ona Nakwenda. "Pang'onopang'ono. Wotsitsa dzanja ndithana naye."

"Bwana," anatero msilikali uja, "mpanda ukuyenda."

"Si mpanda umenewo, ndi mfumu."

"Koma ukuwoloka osayankha, bwana."

"Ukufuna ukaifunse fulizi iweyo?"

Msilikaliyo anatseka diso lotsalalo.

Anawoloka choncho. Analowa mu Kwakhuta, nadutsa pakati pa msika. Amuna akamva kubuula ankathawira kuseri kwa mabenchi, apolisi akaona nkhope ankaima njo. Galimoto ya nduna ina inapatuka n'kulowa m'ngalande kuti mfumu idutse. Manja a amayi ankanjenjemera, mapewa akuyaka moto, koma manja amenewo anazolowera kunyamula zolemera kuposa nkhope ya mfumu. Mpanda unakatsika pakhomo la chipatala.

Anamwino analibe magolovesi, koma manja anali nawo, ndipo ankadziwa chochita ndi mwana wobwera chamiyendo. Anatseka chitseko. Nalinde anaima pakhonde kudikira. Dzuwa litatsala pang'ono kufika pamutu, m'kati munamveka kulira kwa khanda, kolimba, kwaukali. Namwino anasuzumira kunja.

"Wamkazi. Mayi ake ali bwino, akupempha madzi."

 Apo m'pamene Nalinde anakhala pansi pasimenti. Nakwenda anakhala pambali pake, onse akuyang'ana kutsogolo.

"Chimanga changa chatsala pamlatho," anatero Nakwenda.

"Ndikakupatsa changa."

"Ndi dengu lomwe."

"Ndi puti yemwe, tenga."

"Khala naye. Wakuthandiza chiyani lero?"

Nkhani siigona ku Dikirani. M'mawa mwake mpanda wina unawoloka mlatho, m'kati muli kubuula. Mkuja wake unawolokanso. Amayi anagawana ntchito monga mwa masiku onse: ena okweza zitenje, ena osenza matumba a chimanga m'kati, ndi mmodzi wobuula. A Silepiti ndi amene ankabuula bwino kuposa onse, poti iwo sankachita kuyerekeza. Tsiku lina Sajeni anatsegula diso pang'ono, n'kuona pansi pa nkhope ya mfumu pakuyenda miyendo inayi ya mbuzi ndi nsapato za mwamuna. Anatsinzinanso, molimba kuposa kale. Mkazi wake naye anali wa ku Dikirani.

Pabwalo la mfumu a Kamlomo ananena kuti mwezi wonse palibe ndi mmodzi yemwe amene walephera funso pamlatho. Zinali zoona. Anawonjezera kuti anthu afika poikonda mfumu moti nkhope yake ikuwoloka mtsinje m'mawa uliwonse, itanyamulidwa m'mwamba, amayi akubuula ndi chimwemwe. Mfumu inapukuta misozi. Nduna ya Zaumoyo inakweza dzanja n'kunena kuti tsopano yakumbukira thonje m'Chizungu. Mfumu inati nthawi yatha. Kenaka inalamula kuti amayi a ku Dikirani awatumizire zitenje zina, zazitali kuposa zoyamba, kuti nkhope izioneka patali.

Amayi anazilandira ndi nthungululu. Zoyamba zija zinkaonetsa mapazi.

Mchombo wa mwana utagwa, linafika tsiku lomutulutsa panja ndi kumupatsa dzina. Yotamu anali atabwerako kothawa kuja ndipo anali ndi maina ake okonzeka, koma palibe anamufunsa. Nalinde ananyamula khandalo n'kuliika m'manja mwa Nakwenda.

"Tchula ndiwe."

Nakwenda anali atapita kale kwa aphunzitsi a Malikebu dzulo lake, n'kukagwada pansi pa khoma lija. Anayang'ana mwanayo kumaso.

"Fulozeni."

Amayi anayang'anana.

"Madzi ouma aja?" anafunsa Nalinde. "Mwana wa munthu?"

"Zitenje zimang'ambika, mnzanga, ndipo mafumu amasintha nkhope. Tsiku lina tidzagwadanso pamlatho paja. Akadzati fulizi, sindidzavutikanso n'kukumbukira. Ndidzangoitana mwana."

Nalinde anaganiza, n'kuona kuti m'mawuwo muli nzeru. Koma iye anali munthu wogawa ntchito, ndipo anaona msanga pamene patsala mpata.

"Amafunsatu awiri. Nanga lapakati lija?"

Nakwenda anacheukira Elube, amene anali gone pamkeka, akumwa phala.

"Fulozi? Ameneyo abwera. Mayi ake achire kaye."